Nangozo Ayamba Kunong'ona

Bonifasio Kadzakumanja anali atawoloka malire a mayiko asanu ndi awiri, ndipo pa Chimbiya panalibe munthu amene sankadziwa zimenezi, chifukwa mwiniwakeyo ankaonetsetsa kuti pasakhale woiwala. Zaka makumi awiri anayendetsa mathiraki. Anadya nkhanu ku Beira, anagona pamzere wa pa chipata cha Nakonde masiku asanu ndi anayi, anasochera mu Durban mpaka kukatulukira kunyanja, ndipo ku Lubumbashi anakangana ndi wapolisi m'Chifalansa chimene iye mwini sankachimva, koma n'kupambana mlandu. Atatopa ndi chiwongolero anabwerera kwa Kaphuka, kwawo kwa mkazi wake, n'kugwira khasu. Maekala awiri a mbatatesi anasanduka asanu ndi atatu. Anamanga nyumba ya malata ofiira, anagula njinga yamoto, n'kukhometsa benchi logulitsirapo m'mbali mwa msewu waukulu pa Chimbiya. Pa ulendo uliwonse ankabwerako ndi kanthu, kaya wotchi, kaya chipewa, kaya mpeni wopinda. Koma chimene ankakonda kutola koposa zonse chinali Chingerezi chachilendo. Liwu latsopano likangolowa m'khutu mwake linkakhala ngati khasu latsopano, sankapuma lisanalime.

Mkazi wake Susan, amene anthu ankangomutchula chiwongo chake kuti Nangozo, sanayendepo kupitirira Lilongwe. Sankafunika kuyenda, mawu ake ankamuyendera. Akaima pa benchi paja n'kutsegula pakamwa kuti mbatatesi ya kwa Kaphuka yafika, dalaivala wa minibasi amene watseka mawindo onse n'kukweza nyimbo ankangozindikira phazi lake laponda buleki. Mbuzi zikakwera phiri m'chifunga cha mu Juni, iye ankaima pakhonde n'kuitana kamodzi, mbuzizo n'kutsika pamzere ngati ana a sukulu. Ku tchalitchi akayambitsa nyimbo, ngakhale nkhalamba zogontha za kumbuyo zinkatsegula tsamba loyenera.

Chaka chimenecho mbatatesi inabereka mochititsa mantha, ndipo Bonifasio anaganiza kuti dziko lonse liyenera kudziwa. Anajambula pa foni mkazi wake akuitanira malonda, anavala jekete, n'kukwera minibasi ya ku Lilongwe kuti akaike uthenga pa wailesi.

Situdiyoyo inali m'chipinda cha pamwamba, makoma ake omata siponji. Mtsikana wogwira ntchito pamenepo anavala zomvetsera m'makutu, anadina batani, ndipo pasanathe masekondi atatu anazivula msangamsanga n'kuyamba kusisita khutu.

"Bambo, uthengawu ndi wabwino," anatero, "koma tiwerengetse munthu wina. Mawu a mayiwa ndi strident."

Bonifasio anasendeza mpando. "Mwati ndi chiyani?"

"Strident. Ndi Chingerezi. Amanena mawu kapena phokoso lokwera, laukali, lobaya m'khutu. Si kumveka patali chabe ayi. Ng'oma imamveka patali koma siibaya munthu. Awa ndi mawu oti akafika pakhomo sagogoda, amangothyola chitseko."

"Ndi za phokoso zokha?"

"Amanenanso munthu, akamakakamira mfundo yake mwaukali osapatsa mnzake mpata wopuma."

"Tandilemberani papepala, mwana wanga. Zilembo zikuluzikulu."

Za uthenga wa pa wailesi anaiwaliratu. Anatsika masitepe akuliyesa liwulo pa lilime, ndipo pofika pa depoti linali litafewa n'kukhala sitiraidenti. Pa Nathenje analipereka kwa mabuleki a minibasi. Pa Kamphata analipereka kwa khanda limene linkalira kumbuyo. Pofika pa Chimbiya anali ataphunzitsa kondakitala ndi anthu a mipando iwiri yakutsogolo, kwaulere.

Lamlungu lotsatira mphakati wawo unakumana kunyumba kwake. Mapemphero atatha, anthu akufunditsa manja pa makapu a tiyi, wina anafunsa kuti uthenga uja uyamba liti kumveka pa wailesi. Bonifasio anaimirira, anamanga batani la jekete, n'kutulutsa kapepala kaja.

"Uthengawo ubwera. Koma ndakutengerani choposa uthenga."

Anawerenga liwulo katatu, anawabwerezetsa onse pamodzi ngati kalasi, kenako anayamba kumasulira.

"Mkango si sitiraidenti," anatero atakweza chala. "Ndinaumva ine ku Hwange. Umabangulira m'mimba. Bingu nalonso ayi, ndi lolemera. Koma nyenje ya mu Okutobala, imeneyo ndiye eya. Nkhanga ikaona galu, eya. Galainda wa owotcherera zitseko pa Chimbiya, eya kawiri."

"Nanga belu la ku tchalitchi?" anafunsa mkulu wina.

"Lisanang'aluke linali labwinobwino. Ching'alukireni, eya."

"Nanga apongozi anga?" anafunsa mayi wina kumbuyo.

"Ndiyambe ndawamva kaye. Sindiweruza munthu popanda umboni."

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunamuledzeretsa Bonifasio kuposa kachasu. Akanakhala pansi pomwepo bwenzi nkhani ino kulibe.

"Tsono akatswiri a ku Lilongwe, ndi makina awo ochokera ku Jeremani, ayeza n'kupeza kuti m'boma lonse la Dedza, kuyambira ku Linthipe mpaka ku Bembeke, mwini wake wa liwuli ali pakhomo pano." Analoza mkazi wake ndi kapepala kaja. "Mtsikana anachita kuvula zomvetsera kuti apulumutse khutu. Ndipo liwuli lili ndi ntchito yachiwiri. Amanenanso munthu wokakamira mfundo, wosapatsa mnzake mpata wopuma. Ine mumtima ndinangoti, mwana iwe, ukundiuza ine?"

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Nangozo anali ataima pakati ndi ketulo m'manja. Anamaliza kuthira makapu onse, ngakhale kapu ya munthu amene ankaseka mpaka kutaya tiyi, anaika ketulo pansi n'kulowa m'nyumba.

M'mawa mwake Bonifasio anadzuka dzuwa litakwera kale pamwamba pa mitengo ya paini, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Palibe anamudzutsa. Nangozo anabwera pakhomo la chipinda, anagwada, n'kunong'ona kuti madzi osamba ali kubafa.

"Mwadwala pakhosi, amake Pilira?"

"Ayi, ndili bwino," ananong'onanso. "Ndikungopulumutsa makutu a anthu."

Masiku awiri oyamba Bonifasio anasangalala. Ankauza anthu kuti kunyumba kwake kwasanduka hotela ya ku Durban, komwe ngakhale supuni imagunda mbale mwaulemu. Kunjaku liwu lija linali litathyola khola. Makondakitala ankatukwanirana nalo. Mwini chigayo ankati lamba wake wayamba usitiraidenti. Ana a sukulu analipatsa aphunzitsi awo a masamu, wa kabaza wina analilemba ndi penti kumbuyo kwa njinga yake, ndipo mayi wina anabweza tambala kumsika ponena kuti ngwa sitiraidenti kwambiri, sangagone naye pafupi. Bonifasio ankayenda chifuwa chili patsogolo, kukonza amene akuligwiritsa ntchito molakwika.

"Tsabola sangakhale sitiraidenti, achimwene. Ndi za m'khutu, si za pa lilime."

Koma liwulo linkadziwa kwawo. Anthu odutsa pa benchi ankapereka moni kuti, "Mwaswera bwanji a Sitiraidenti," ndipo Nangozo ankangowerama. Minibasi ikamabwera ankanyamula ndowa ya mbatatesi m'mwamba, pakamwa potseka, minibasiyo n'kudutsa fyuu ngati pa manda.

Tsiku lachisanu Mwajuma, wogulitsa tomato ndi anyezi pa benchi loyandikana, anamuimitsa Bonifasio asanatsike n'komwe pa njinga yamoto.

"Achimwene, tomato wanga akuwola. Zaka zonsezi anzangawa akaimitsa galimoto, tonse a mzere uno timagulitsa. Inu mwatseka mpopi umene timamwera mudzi wonse."

"Chemwali, musade nkhawa. Ine ndayenda. Masiku ano zinthu izi ndi za makina."

Anathamangira ku Dedza boma n'kugula chimkuzamawu chaching'ono, cha mtundu umene ogulitsa mankhwala a makoswe amayenda nacho. Umalankhulamo kamodzi, icho n'kumabwereza tsiku lonse osatopa. Mwini sitolo anamuchenjeza kuti chimasunga mawu a mphindi imodzi yokha. Bonifasio anati mphindi ndi nthawi yambiri, iye anasinthapo tayala la thiraki m'mphindi ziwiri, mvula ikugwa. Atafika pa Chimbiya anatsokomola, anadina batani, n'kuyamba monga munthu waulemu amayambira, podzidziwitsa. Anatchula dzina, anatchula Beira, Tete, Harare, Durban, Nakonde, Dar es Salaam, ndipo pamene ankakoka mpweya kuti afike pa mbatatesi, chinthucho chinati tii, chadzaza. Iye sanamve. Anachipachika pa nsanamira ya benchi n'kupita kumunda kukayang'anira okumba.

Pobwera madzulo anapeza anthu asanu ndi mmodzi atakhalira zikwama zawo pafupi ndi benchi, akudikira basi ya ku Durban. Nangozo anali atawapatsa madzi akumwa. Anayesa kuwauza zoona, koma kunong'ona kwake kunamira m'phokoso la chimkuzamawu.

Zimenezo Bonifasio akanaziseka n'kuziiwala, mwinanso ikanakhala nkhani ina yokamba. Lamlungu ku tchalitchi nyimbo yolowera inayambira malo atatu nthawi imodzi n'kufera pakati, anthu onse n'kutembenuka kumuyang'ana iye, koma nazonso anapirira. Ngakhale mbuzi, zimene tsopano ankachita kuzitsata yekha kuphiri m'chifunga, kuzinyengerera ndi madeya pamene izo zikumuyang'ana ngati sizikumudziwa, sizinamuvute mtima kwenikweni. Chimene chinayamba kumudya chinali cha m'nyumba.

Chakudya chinkabwera pa nthawi yake, malaya ankasitidwa, zonse ndi zikomo wonong'ona ngati wa mlendo amene anyamuka mawa. Mwana wawo Pilira anaimba foni kuchokera ku Zomba ali ndi nkhawa.

"Ababa, amayi akudwala chiyani? Chibadwire changa lero ndi koyamba kuti ndiike foni pakhutu polankhula nawo. Kale ndinkaisiya patebulo n'kumachapa panja."

"Akupumitsa mmero, mwanangu. Palibe vuto."

Madzulo amenewo anayesa kukonza zinthu ndi maphunziro. Anafotokozera mkazi wake kuti liwulo si chitonzo kwenikweni, kuti ku Ulaya andale otchuka ndi maloya amanenedwa choncho, kuti munthu wolemekezeka yekha ndiye amafika polilandira. Nangozo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Zikomo pondiphunzitsa," ananong'ona.

Tsiku lina anayamba nkhani ya ku Lubumbashi. Anaikamo apolisi atatu. Chete. Anawonjezera kufika asanu ndi awiri, ndi galu. Kale pofika apa mawu aja akanamudula pakati kuti, chaka chatha wapolisi anali mmodzi, enawa abadwa liti? Lero Nangozo anangogwedeza mutu n'kupitiriza kusankha nyemba. Nkhaniyo inamufera m'kamwa ngati ndiwo zopanda mchere.

Anagula chitenje chokongola, chinapindidwa n'kulowa m'sutikesi. Anayesa njira ina, analowa ndi jombo zamatope mpaka pabalaza. Nangozo anatenga chikolopa. Anasiya dala khola lotsegula, mbuzi n'kudya mpiru wonse wa kuseri kwa nyumba, iye atabisala pa nkhokwe kudikira kuti kugunde. Nangozo anaona mbuzi, anaona mpiru, n'kuzipirikitsa ndi kamtengo mwakachetechete. Pamenepo Bonifasio anagwidwa ndi mantha enieni, amene sanawamvepo ngakhale tsiku limene mabuleki anamuthera potsika phiri atasenza simenti. Mkazi amene anamukwatira anali atasamuka m'nyumbamo n'kusiya munthu waulemu amene iye sankamudziwa, ndipo panalibe chosonyeza kuti adzabwerako.

Tsiku lakhumi ndi limodzi anakwera njinga yamoto kupita cha ku Kabwazi kwa a Alufeo, achimwene ake a Nangozo, amenenso anali nkhoswe ya ukwati wawo. Anawapeza pansi pa mitengo ya paini akunola sowo ndi tupa, kwee, kwee, kwee. Lilime la Bonifasio linayabwa kuti litchule dzina la phokosolo, koma analiluma.

"Alamu, mlongo wanu wasiya kulankhula."

"Ndamva," anatero a Alufeo osasiya kunola. "Kuno tinkadziwira nthawi pa iyeyo. Akaitana mbuzi, ife n'kuweruka. Masiku ano tikungocheka matabwa mpaka mdima."

"Ndagula chitenje. Ndafotokoza. Ndachita zonse."

"Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Inu alamu ndinu munthu woyamba amene ndamuona akutola mlomo wa eni ake ku Lilongwe n'kubwera nawo kunyumba pa minibasi." Anauzira pa mano a sowo. "Nkhuku mubweretsa, umenewo ndi mwambo, ndipo ndidya ndine. Koma nkhuku sichiza izi. Munamuvula pagulu. Mukamuveke pagulu."

"Ndiitanitsanso mphakati."

"Liwu lanulo linathera pa mphakati? Ine ndalimva dzana kwa munthu wogula matabwa wochokera ku Salima. Kumene lafika liwulo, kupepesa kufikenso komweko."

Bonifasio anakanda mutu. Kenako nkhope yake inawala ngati nyali za thiraki, ndipo a Alufeo ataona zimenezo anaika tupa pansi.

"Alamu, chilichonse chimene mwaganizacho, muchepetseko theka."

Tsiku lonse lotsatira analimbana ndi pepala. Kupepesa koyamba kunatenga mphindi zisanu ndi zinayi. Anachotsa Beira, mtima ukuwawa. Anachotsa Durban. Anachotsa mbiri ya njinga yamoto ndi mndandanda wa mitundu ya mbatatesi. Pomaliza kunatsala mphindi imodzi yeniyeni, mnofu wokhawokha, ndipo ataimvetsera anadzigwetsera yekha msozi.

Tsiku la msika, m'mawa chifunga chisanachoke, anavala suti ya pa ukwati wa Pilira, anawoloka msewu, n'kupachika chimkuzamawu pa mtengo wa magetsi moyang'anizana ndi benchi la mkazi wake. Anavula chipewa, anaima pansi pake, n'kudina batani.

"Anthu a pa Chimbiya, ine Bonifasio Kadzakumanja ndinalakwira mkazi wanga Nangozo. Ndinatola liwu ku Lilongwe n'kumugenda nalo pamaso pa anthu. Mawu amene ndinawasekawo ndiwo anagulitsa mbatatesi imene inafolera nyumba yathu. Chiyambire tsiku limene ndinamupulumutsa kwa nkhunzi yolusa ku dimba la bambo ake, ndi manja anga awiriwa, sindinapezepo mkazi wina wonga iye, ndipo ine ndayenda. Amake Pilira, pepani. Lankhulani."

Chinapuma pang'ono, n'kuyambiranso.

Za nkhunzizo sanaikemo dala kuti apute munthu. Nkhaniyi anaikamba kambirimbiri m'malo ogona madalaivala, ndipo chaka chilichonse nyamayo inkanenepa, mpaka iye mwini ankaikumbukira bwinobwino, nyanga zake, fumbi lake, maso ake ofiira.

Msika unasiya malonda. Amayi a kaunjika ankapukuta misozi ndi zovala zogulitsa. Maminibasi ankaima kuti okwera amve mpaka kumapeto, ena n'kutsika kuti amvenso kachiwiri. Mafoni anali m'mwamba. Wowotcha chimanga anapsereza chimanga chonse. Nangozo anakhala pa benchi lake akusanja mbatatesi m'ndowa, zazikulu pamwamba, osayang'ana kutsidya. Uthengawo unazungulira kakhumi, unazungulira kamakumi atatu. Mphindi iliyonse nkhunzi inkalusa, Bonifasio n'kuigwira ndi manja awiri.

Kenako anthu anayamba kuwolokera kwa Nangozo.

"Mayi, akhululukireni. Mwamuna wogwira nkhunzi sapezeka wamba."

"Anaigwira panyanga kapena kumchira?"

"Bambo anga anavulazidwapo ndi nkhunzi, ndikudziwa mmene zimakhalira. Mayi, muli ndi mwayi."

Mwajuma naye anasendera pafupi. "Anzanga, zaka zonsezi tikugulitsa limodzi osandiuza? Inali yaikulu bwanji?"

Nangozo ananong'ona kanthu.

"Mwati bwanji?"

Ananong'onanso, mitsempha ya m'khosi itatupa. Kutsidya nkhunzi inalusanso.

Dzuwa litafika paliwombo, Nangozo anaika mbatatesi pansi, anamanga chitenje m'chiuno, n'kuimirira.

"Linali thole!"

Nkhunda zinauluka padenga la golosale. Wapanjinga wina anagwera m'ngalande ndi mtolo wa nzimbe.

"Thole loyamwa, lopanda ndi nyanga zomwe. Ndipo amene anakwera mumtengo wa mapichesi ndinu, abambo a Pilira, n'kuthyola nthambi ziwiri za bambo anga. Amene analithamangitsa ndine, ndi pakamwa pomwepa."

Msika wonse unaphulika. Koma amene ankaseka koposa onse anali Bonifasio. Anaponya chipewa m'mwamba, anawoloka msewu akuvina, lole ya makala ikumuimbira hutala, n'kufika pa benchi manja ali m'mwamba ngati wagoletsa chigoli.

"Nenaninso, amake Pilira. Zonse. Nthambizo zinali zitatu."

Nangozo sanafunike kupemphedwa. Za masiku khumi ndi atatu zinatuluka pamodzi ngati damu laphulika. Ananena za jombo zamatope, za mpiru, za anthu a ku Durban amene anamumalizira madzi, za chitenje cha mtundu umene amadana nawo chikwatiwire. Bonifasio ankavomera chilichonse akumwetulira ngati akumvetsera kwaya. Kenako mawu aja anatsika, osati kunong'ona ayi, koma kufika pa msinkhu wa anthu awiri.

"Ndikufunseni. Mtsikana wa ku wailesi uja atanena zimenezo, inu munamuyankha chiyani?"

Kumwetulira kunachoka. "Ndinamupempha kuti andilembere papepala."

"Munamupempha kuti akulembereni." Nangozo anamuyang'ana m'maso. "Mawu anga ndimawadziwa ine. Ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi mayi ankandiimika pachulu kuti ndiitane anthu ku madimba. Azungu akhale nalo dzina lawo, zilibe kanthu. Koma munthu wachilendo ananyoza mkazi wanu, inu n'kuthokoza, n'kunyamula chitonzocho m'thumba la jekete ngati mphatso."

Bonifasio anafufuza m'mutu mwake monse, ndipo sanapezemo nkhani ngakhale imodzi yoyenera pamenepa.

"Ndinalakwa, Susan," anatero, ndi pakamwa pake, popanda mabatire.

Nangozo anatembenuka n'kuyang'ana mtengo wa magetsi uja. Kutsidya chimkuzamawu chinali chikadalimbana ndi nkhunzi.

"Katengeni chinthu chanucho," anatero. "Mufufute, mujambule zoona. Chilire mpaka msika utatha."

Bonifasio anakachitenga chothamanga. Anaima pambali pa benchi, chala pa batani, anthu atamuzungulira mpaka ena kukwera pa matumba a kabichi.

"Tinganene kuti thole lalikulu?"

"Thole."

"Lokhala ngati likufuna kumera nyanga?"

"Abambo a Pilira."

"Nanga mtengowo, poti unali wautali ndithu..."

"Ndinakutsitsani ndi dzanja limodzi, ndili chiimire pansi."

Mwajuma anagwira benchi kuti asagwe. Bonifasio anakonza tayi, anatsokomola, anadina batani, ndipo mokondwa ngati munthu amene akulengeza kubadwa kwa mwana, anadziwitsa Chimbiya yense, ndi a ku Lilongwe ndi a ku Blantyre odutsa pamsewu, kuti iye, Bonifasio Kadzakumanja, ali mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zinayi, anathamangitsidwa ndi mwana wa ng'ombe.